Kulowetsa deta kudzera mu view yolumikiza matebulo: mafunso ndi mayankho

Ku Mtenguleni ndi m'midzi yozungulira Chipata, dzina la munthu masiku ano silikhala m'buku la amfumu mokha. Mlimi wolandira feteleza wa FISP ali m'kaundula wa ZIAMIS, wodwala wa kuchipatala cha boma amatha kupezeka mu SmartCare, ndipo aliyense wosunga ndalama pa foni ya Airtel, MTN kapena Zamtel ali m'database ya kampaniyo. Wachinyamata amene waphunzira za makompyuta m'tauni akapemphedwa kuti apangire kopaletivu ya kwawo kadatabase kake, pali malo amodzi pamene amakonda kupunthwa. Wapanga view yosonyeza bwinobwino mlimi, gulu lake ndi matumba amene wabweretsa, koma akati alowetse mzere watsopano kudzera momwemo, kompyuta ikukana. Mafunso otsatirawa ndi a munthu wofika pamenepo.

Kodi view n'chiyani? Ndi tebulo linanso?

Ayi. Taganizani mlembi wa kopaletivu ali ndi mabuku atatu: la mayina a mamembala, la magulu a m'midzi, ndi la matumba amene aliyense wabweretsa ku shedi. Wapampando akafunsa kuti ndani wabweretsa chiyani, mlembi amatsegula mabuku onse atatu n'kuwerenga mzere umodzi wathunthu: dzina, mudzi, gulu, tsiku, matumba. Mzere umenewo sunalembedwe m'buku lililonse mwa atatuwo, iye waulumikiza pomwepo. Mu database mabukuwo ndi matebulo, ndipo view ndi funso la SELECT limene lapatsidwa dzina n'kusungidwa. Chimene chimasungidwa ndi funsolo, osati yankho lake. N'chifukwa chake mukasintha kanthu m'tebulo, view imasonyeza zatsopanozo nthawi yomweyo, ndipo mukafufuta view deta yanu siipita kulikonse. Oracle ndi PostgreSQL ali ndi mtundu wina wotchedwa materialized view umene umasungadi zotsatira, koma si umene tikukamba pano.

Nanga bwanji osangolemba zonse m'tebulo limodzi, monga timachitira mu Excel?

Chifukwa tebulo limodzi limakukakamizani kubwereza. Mlimi akabweretsa chimanga ndi soya maulendo 12 pa nyengo imodzi, dzina lake, reji yake (chiphaso cha boma) ndi nambala yake ya foni zilembedwa ka 12. Akasintha foni mukonza mizere 11 n'kuiwala umodzi, ndipo kuyambira pamenepo munthu mmodzi ali ndi manambala awiri. Membala watsopano amene sanabweretse kanthu alibe pomulemba. Mukafufuta mzere wa ulendo umodzi wokha umene wina anabwera, munthuyo wasowa m'kaundula yense. Edgar F. Codd wa ku IBM ndiye anaika maziko a njira yothetsera zimenezi mu 1970: chinthu chilichonse chilembedwe kamodzi, pamalo amodzi, ndipo matebulo azilumikizana ndi manambala. Tebulo la alimi limapatsa mlimi aliyense nambala yakeyake, yotchedwa primary key. Tebulo la zokolola limangosunga nambalayo, ndipo m'menemo imatchedwa foreign key. View ya JOIN imabweretsanso pamodzi zimene tinagawa dala kuti maso a munthu aziwerenga mosavuta.

Ndinamva kuti view ndi yowerengera basi. N'zoona?

Si zoona kwenikweni. View yochokera m'tebulo limodzi, yopanda kuwonkhetsa kapena kuphatikiza mizere, imalandira INSERT mu MySQL, SQL Server, Oracle, ndiponso mu PostgreSQL kuyambira 9.3 ya mu 2013. Database imangotenga mzerewo n'kuupititsa ku tebulo limene lili pansi pake. Chofunika n'chakuti kolamu iliyonse imene tebulolo sililola kuti ikhale yopanda kanthu ipezeke mu view, kapena ikhale ndi chodzazira chake chokhazikika. M'malamulo amene Codd mwiniwake anasindikiza mu 1985, lamulo la nambala 6 linkafuna kuti view iliyonse imene n'zotheka kuisintha, pulogalamu izilola kuisintha. View zimene sizilandira n'komwe ndi zokhala ndi SUM, COUNT, GROUP BY kapena DISTINCT. Chifukwa chake n'choonekeratu. View ikunena kuti mlimi wabweretsa matumba 40 nyengo yonse, inu mwalemba 45. Matumba 5 owonjezerawo apite pa tsiku liti, ndipo ndi a mbewu yanji? Palibe pamene kompyuta ingapeze yankho.

Tsono n'chifukwa chiyani imakana ikakhala yolumikiza matebulo angapo?

Apa ndiye pagona nkhani. Kuwerenga kuli ndi njira imodzi: matebulo atatu akalumikizidwa, mzere wotuluka ndi umodzi wodziwika. Kulemba kuli ndi njira zambiri, ndipo zonse zimaoneka zolondola. Mwalowetsa mzere wakuti a Zulu, a ku Mtenguleni, a gulu lakutilakuti, abweretsa matumba 10 a makilogalamu 50. Kodi awa ndi a Zulu omwe ali kale m'tebulo la alimi, kapena ndi a Zulu ena atsopano? Kuno kwa mfumu Mpezeni, a Zulu, a Jere, a Tembo ndi a Phiri ali pakhomo lililonse, ndipo anthu awiri a mayina onse ofanana m'mudzi umodzi si chachilendo. Ngati ali omwewo koma mudzi walembedwa wina, kodi asamuka kapena mlembi walakwitsa? Gululo likapanda kupezeka m'tebulo la magulu, litsegulidwe latsopano kapena mzere ukanidwe? Yankho lililonse limapereka deta yosiyana, ndipo m'kopaletivu deta yosiyana ndi ndalama zopita m'thumba la munthu wina.

Palinso za ndondomeko. Mzere wa mlimi uyenera kulowa poyamba kuti nambala yake ipezeke, kenako nambalayo ilembedwe pa mzere wa zokolola. Funso la SELECT limene linapanga view silinena chilichonse za chimene chiyambe. Akatswiri alimbana ndi vutoli kwa nthawi yaitali, ndipo François Bancilhon ndi Nicolas Spyratos analembapo kafukufuku wodziwika mu 1981. Ine ndimaona kuti kukana kwa database pamenepa n'kwabwino. Pulogalamu yongoganizira ikanakhala yoopsa kwambiri, pakuti ikanalemba zolakwika mwakachetechete, inu n'kudzazindikira tsiku lolipira anthu ali pamzere.

Kodi mapulogalamu onse amakana mofanana?

Amasiyana, ndipo ndi bwino kudziwa wanu. MySQL, imene inayamba kukhala ndi ma view mu 5.0 ya mu 2005, imalola INSERT pa view ya INNER JOIN ngati makolamu onse amene mwatchula ndi a tebulo limodzi. Mukasakaniza a matebulo awiri imakana ndi uthenga wa nambala 1393, ndipo mukapanda kutchula makolamu imakana ndi 1394. SQL Server ili ndi lamulo lomwelo la tebulo limodzi pa lamulo limodzi, ndipo uthenga wake ndi 4405. Oracle imapita patsogolo pang'ono: imalola kulemba m'tebulo lokhalo limene mzere wake uliwonse umaoneka kamodzi kokha mu view. M'chitsanzo chathu limenelo ndi la zokolola, chifukwa ulendo uliwonse umaoneka kamodzi pamene mlimi amaoneka kambirimbiri. Mukakhudza la alimi mulandira ORA-01779, mukakhudza awiri pamodzi ORA-01776. PostgreSQL silandira yokha INSERT pa view iliyonse yokhala ndi matebulo oposa limodzi. SQLite, imene ili m'foni iliyonse ya Android, imaona view iliyonse ngati yowerengera basi mpaka mutailembera trigger.

Ndiye ngati ndi tebulo limodzi pa nthawi, ndingolowetsa kawiri kudzera mu view yomweyo?

Mu MySQL ndi SQL Server zimatheka, bola foreign key ikhale pakati pa makolamu a view. Koma mudzaona kuti simunapindule kanthu. Mukuyenerabe kudziwa kolamu iti ndi ya tebulo liti, kuyamba ndi mlimi, kutenga nambala yake, kenako kulemba zokolola. Ntchito yomweyo mukanaichita pa matebulo enieniwo mosazungulira.

INSTEAD OF trigger imene anthu amaitchulayo imagwira bwanji?

Ndi malangizo amene mumamangirira pa view, onena kuti wina akatumiza INSERT kuno, database isayese kulowetsa yokha koma ichite zimene mwalembazo. Mayankho a mafunso onse aja mumawalemba m'menemo. Trigger ya kopaletivu yathu ingayende motere. Ikalandira mzere imayang'ana gulu m'tebulo la magulu, ndipo likasowa imakana ndi uthenga womveka, chifukwa kutsegula gulu latsopano ndi nkhani ya komiti, si ya mlembi ali pa sikelo. Kenako imafufuza mlimi pogwiritsa ntchito reji. Akapezeka imatenga nambala yake, akasowa imamulemba n'kutenga nambala yatsopanoyo. Pomaliza imalemba mzere wa zokolola. Wolowetsa deta amaona ngati walemba m'tebulo limodzi. Oracle ili ndi njira imeneyi kuyambira Oracle8, SQL Server kuyambira ya 2000, PostgreSQL kuyambira 9.1 ya mu 2011, ndipo SQLite nayonso ili nayo.

Ogwiritsa ntchito SQL Server asamale pa chinthu chimodzi. Mu PostgreSQL, Oracle ndi SQLite trigger yotere imadzuka pa mzere uliwonse. Mu SQL Server imadzuka kamodzi pa lamulo lonse, ndipo mizere yonse yatsopano imakhala m'katebulo kapadera kotchedwa inserted. Trigger yolembedwa ngati kuti mukubwera mzere umodzi imayenda bwino pa mayeso onse a mzere umodziumodzi. Tsiku limene mudzakokere mizere 300 kuchokera mu Excel, idzalemba umodzi n'kusiya 299 popanda kudandaula.

Ine ndili ndi MySQL kapena XAMPP. Ndichite bwanji?

MySQL ilibe INSTEAD OF trigger, ndipo trigger zake siziikidwa pa view. MariaDB, imene imabwera mu XAMPP, ndi chimodzimodzi. Njira yanu ndi stored procedure, kapena malangizo omwewo olembedwa mu PHP kapena chinenero china chimene mukugwiritsa ntchito. Procedure imalandira reji, dzina, gulu, mbewu ndi matumba, imatsegula transaction, imalemba mlimi ngati ndi watsopano, imatenga nambala yake ndi LAST_INSERT_ID(), imalemba zokolola, n'kutseka ndi COMMIT. Musatenge nambalayo pofunsa yaikulu kwambiri m'tebulo, chifukwa mlembi wina akhoza kukhala atalemba munthu wake pakati pa malamulo anu awiriwo, ndipo matumba adzapita kwa mwini wolakwika. LAST_INSERT_ID() imakumbukira za inu nokha.

Kanthu kena kamene kamatikhudza ife kuno kuposa anthu ambiri: mayina athu ali ndi kachizindikiro kaja ka mu Nc'wala ndi mu ng'ombe. Mu SQL kachizindikiro kameneka ndi kotsekera mawu. Mukamanga lamulo pomata zimene munthu walemba pa fomu, dzina lililonse lokhala ndi ng' lidzaduka pakati n'kugwetsa lamulo lonse, ndipo khomo lomwelo ndi limene akuba amalowera polemba malamulo awo m'bokosi la dzina. Gwiritsani ntchito prepared statement, imene imatumiza zolemba za munthu padera ndi lamulo, nthawi zonse, ndipo musathetse vutoli pochotsa chizindikirocho m'mayina a anthu.

Magetsi akazima mlimi atalembedwa koma matumba asanalembedwe, chimachitika n'chiyani?

Funsoli si lamasewera kwa aliyense amene anakhala m'Zambia mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankapita maola ambiri pa tsiku. Yankho lake ndi transaction: malamulo onse a pakati pa kutsegula ndi COMMIT amalowa onse kapena salowa n'limodzi lomwe. Kompyuta ikadzukanso, database imabweza yokha zimene zinatsala theka. Trigger imayendera m'kati mwa transaction ya lamulo limene laidzutsa, choncho zolemba zake zimapita kapena kubwerera pamodzi. Mu procedure kapena mu PHP muyenera kuitsegula nokha. Mu MySQL onetsetsani kuti matebulo anu ndi a InnoDB, chifukwa a MyISAM sadziwa transaction ngakhale foreign key. Mu SQLite foreign key siyang'aniridwa mpaka mutalamula PRAGMA foreign_keys = ON nthawi iliyonse imene mwalumikiza, ndipo oiwala zimenezi amadzapeza matumba olembedwa pa nambala imene ilibe mwini.

Ndingapewe bwanji kuti munthu mmodzi asalembedwe kawiri?

Musamazindikire munthu ndi dzina. Mayi mmodzi akhoza kulembetsa lero ndi dzina la kwa atate ake, mawa ndi la kwa amuna ake, pamene mudzi wonse umamudziwa kuti NaPhiri. Mlembi wophunzira kalembedwe ka Cinyanja ka m'masukulu a m'Zambia adzalemba ndi c pamene mnzake walemba ch, ndipo kwa kompyuta awo ndi anthu awiri. Reji imathandiza chifukwa nambala yake siisintha ndi ukwati. Isungeni ngati mawu osati ngati nambala, popeza ili ndi mizere yolekanitsa zigawo zake zitatu, ndipo ikani lamulo la UNIQUE pa kolamu yake. Komabe musaipange primary key. Reji imaperekedwa munthu akakwanitsa zaka 16, ena sanakatengebe, ndipo nambala imodzi ikalembedwa molakwika n'kufalikira m'matebulo ena, kuikonza ndi ntchito yaikulu. Primary key ikhale nambala yopangidwa ndi database.

Lamulo la UNIQUE ndi lofunika ngakhale trigger yanu imayamba yafufuza. Alembi awiri akalowetsa mlimi yemweyo pa kamphindi kamodzi, aliyense afufuza, aliyense apeza kuti palibe, ndipo onse alemba. Ndi lamulo la m'tebulo lokha limene lingamuimitse wachiwiriyo. PostgreSQL kuyambira 9.5 ili ndi ON CONFLICT yothandiza pamenepa, MySQL ili ndi ON DUPLICATE KEY UPDATE.

Ndalowetsa, sinakane, koma mzere sukuoneka mu view. Wapita kuti?

Uli m'tebulo. Mwina mwalemba mlimi amene alibe zokolola, ndipo INNER JOIN imangosonyeza mizere imene ili ndi inzake mbali zonse. Kapena view ili ndi WHERE, monga yosonyeza gulu limodzi lokha, inu mwalemba munthu wa gulu lina. Choopsa n'chakuti mlembi akaona kuti sizikuoneka amalembanso kachiwiri. WITH CHECK OPTION imauza database kukana mzere uliwonse umene view yomweyo singauonetse. Koma mu PostgreSQL ndi SQL Server siiyendera limodzi ndi INSTEAD OF trigger pa view imodzi, choncho mukasankha trigger, kuyesako mukulembe m'kati mwake.

Nanga kusintha ndi kufufuta kudzera mu view yotere?

Kusintha ndiko kumanyenga kwambiri, chifukwa nthawi zina sikukanidwa. Mu MySQL kapena SQL Server mukasintha mudzi wa mlimi pa mzere wa ulendo umodzi, mwasintha mzere wake m'tebulo la alimi, ndipo maulendo ake onse, ngakhale a chaka chatha, ayamba kusonyeza mudzi watsopanowo. Mlembi amaganiza kuti wakonza mzere umodzi. Ngati kopaletivu ikufuna kudziwa gulu limene munthu anali pa tsiku logulitsa, nambala ya gulu ilembedwe pa mzere wa zokolola womwewo. DELETE pa view yolumikiza imakanidwa mu MySQL ndi SQL Server, pamene Oracle imafufuta m'tebulo lija loonekera kamodzi. Mukalemba trigger yofufutira, izichotsa ulendo wokha, mlimi atsale.

Ngati n'zovuta chonchi, phindu lolembera kudzera mu view ndi lotani?

Lalikulu ndi kuteteza zachinsinsi. Mukhoza kupatsa mlembi wa pa sikelo chilolezo pa view yokha, osamupatsa pa matebulo, kotero kuti amalemba matumba koma saona ngongole za anthu kapena manambala awo a foni. Zambia ili ndi lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act la mu 2021, ndipo reji, foni ndi malo okhala ndi zina mwa zinthu zimene wosunga ayenera kuzisamala. Phindu lina limabwera pamene muli ndi pulogalamu yakale imene imayembekeza tebulo limodzi lalikulu. Mukagawa tebulolo, mumapanga view ya dzina lakalelo, n'kuikapo trigger, ndipo pulogalamuyo imapitiriza ntchito osakhudzidwa.

Pomaliza, ine wa kadatabase kakang'ono ndisankhe njira iti?

Kwa kopaletivu, sukulu kapena gulu losunga ndalama, malangizo anga ndi akuti view ikhale yowerengera ndi yotulutsira malipoti, ndipo kulemba kudutse mu procedure kapena fomu yokhala ndi transaction. Mu Microsoft Access fomu ya mlimi yokhala ndi kafomu ka zokolola m'kati mwake imachita zimenezi bwino, chifukwa imadzaza yokha nambala yolumikizira. Procedure ili ndi dzina lonena ntchito yake, ndipo wodzatenga ntchito inu mutapita ku Lusaka adzaipeza mosavuta, pamene trigger imabisala kuseri kwa view ndipo munthu akhoza kutha sabata osadziwa kuti ilipo. Trigger isungireni pamene mukufunadi kubisa matebulo kapena kusunga pulogalamu yakale.

Njira iliyonse imene mungasankhe, musayambe ndi kompyuta. Khalani pansi ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, muwafunse kuti ndani ali ndi mphamvu yolemba membala watsopano, munthu wopanda reji alembedwe bwanji, ndipo wosamukira ku gulu lina matumba ake akale awerengedwe kuti. Mayankho awo alembedwe m'buku la misonkhano, kenako inu muwasandutse SQL. Mukatha, yesani ndi anthu awiri a dzina limodzi, yesani ndi mizere yambiri pa kamodzi, ndipo zimitsani kompyuta pakati pa ntchito kuti muone chotsala, zonsezi nyengo yogula mbewu isanafike.